Musamangoopa shuga wa chimanga, werengani masupuni anu

Ndikulemba kuchokera ku Hull, kumpoto kwa Mangalande kuno kumene mphepo ya kunyanja imalowa mpaka m'mafupa.

Ndikudziwa kuti pabwalo pano anthu amadzuka ndi nkhani za zipani, ndiye mundikhululukire, lero ndabwera ndi supuni ya tiyi. Koma mupirire, ndale zilimo, tizipeza kutsogoloku.

Sabata yatha mlamu wanga wa ku Area 25 ku Lilongwe ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Mzungu wina wa ku America akuchenjeza anthu za high fructose corn syrup, madzi otsekemera opangidwa kuchokera ku chimanga, akuti ndi poizoni amene akumaliza anthu. Pansi pake mlamu anawonjezera mawu ake, akuti ife a ku UK tisamale chifukwa tikudya za m'fakitale, pamene iwo kumudzi ali pabwino popeza shuga wawo ndi wa nzimbe weniweni wa ku Nchalo. Ndinaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. Mlamu yemweyu ndi amene amaperekeza mayi anga ku kiliniki ya matenda a shuga mwezi ndi mwezi, thiransipoti yake ikuchokera m'thumba mwanga muno. Mayi sanapondeko ku America. Madzi a chimangawo mwina sanawalaweko n'komwe. Koma tiyi wawo, kuyambira ndili mwana, anali wa masupuni atatu odzaza, ndipo kukabwera alendo, anayi.

Tiyambe ndi chinthu chimene chikuopsezedwacho. Chimanga chomwechi chimene ife timapempherera mvula, ku America chimachuluka mpaka kusowa nacho chochita. Amachinyika, n'kuchotsamo sitachi, sitachiyo amaiphwanya ndi ma enzyme mpaka isanduke glucose, kenako gawo lina la glucose amalitembenuza kukhala fructose, amene amatsekemera kwambiri. Luso lomalizali linakhwima ku Japan m'zaka za m'ma 1960, ndipo m'ma 1970 makampani a ku America analilandira ndi manja awiri. Chifukwa chake sichinali thanzi kapena kukoma ayi, zinali ndalama. Boma lawo limathandiza alimi a chimanga komanso limachepetsa shuga wolowa kuchokera kunja, choncho shuga wamba amadula pamene madzi a chimanga amatchipa. Pofika 1984, Coca-Cola ndi Pepsi a ku America anali atasiya shuga wamba n'kumathira madziwa.

Tsono mvetserani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Shuga wa nzimbe, dzina lake la kusukulu sucrose, ndi glucose ndi fructose atagwirana manja, theka ndi theka. Akangofika m'matumbo amasiyana, aliyense njira yake. Madzi a chimanga amene amathira m'zakumwa ali ndi fructose 55 pa 100, yotsalayo pafupifupi yonse ndi glucose. Amene amathira mu mabisiketi ndi makeke ali ndi 42, kutanthauza kuti fructose wake ndi wochepa kuposa wa mu shuga wa nzimbe. Ndiye 50 ndi 55, tikanganirane chiyani? Chiwindi chanu sichifunsa pasipoti. Sichidziwa kuti uyu wachokera ku Iowa, uyu wachokera ku Dwangwa. Chimangoona kuchuluka kwake basi.

Mu July 2025 a Donald Trump analengeza monyadira kuti ayankhula ndi a Coca-Cola kuti ayambe kugwiritsa ntchito shuga wa nzimbe ku America, kampaniyo n'kunena kuti itulutsadi mtundu wina wa chakumwacho wa nzimbe. Ena anaomba m'manja ngati apeza mankhwala. Koma Coca-Cola wa kuno ku UK ndi wa shuga wamba, ndipo kachitini ka 330ml kali ndi magalamu 35, pafupifupi masupuni aang'ono 9. A NHS amati munthu wamkulu asapyole magalamu 30 a shuga wothira pa tsiku lonse. Kachitini kamodzi bajeti yatha, ngongole yayamba.

Sindikuti mzungu wa m'vidiyoyo ananama zonse ayi. Fructose akachuluka, makamaka wobwera m'zakumwa, ntchito yaikulu yomusintha imagwera chiwindi, ndipo pang'onopang'ono chimayamba kusunga mafuta. Komanso chifukwa madziwo ndi otchipa, ku America analowa paliponse, mu buledi, mu sosi, mu yogati. Pamene anatisocheretsa ndi potipatsa mdani mmodzi wa dzina lachilendo, kuti tikamupewa ameneyo tizimva ngati tapulumuka. Tikutseka zenera poopa mbava ya ku America, pamene ina yakhala kale pamphasa m'nyumba ikumwa nafe tiyi.

Inetu ndine namwino. Diploma yanga ndinaitengera kumudzi konko, ndinagwirako ntchito zaka zingapo ndisanabwere kuno. Matenda a shuga ndawaona mbali zonse ziwiri ndipo nkhope yake ndi imodzi. Kuno ndimatsuka zilonda za kumapazi zimene zimatha miyezi osapola, chifukwa mitsempha inafa, nsapato inamuthina munthu iye osamva kanthu. Chala chimada, kenako phazi, kenako adokotala ayamba kuyankhula za kudula. Ena impso zinatopa, amabwera katatu pa sabata kudzasefedwa magazi pa makina. Ena maso. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno makinawo alipo, amene akumwa mankhwala a shuga sawalipiritsa ku famase, ndipo maso amawayeza nthawi ndi nthawi. Kwathu makina osefa magazi ndi owerengeka, ambiri timangowamvera ku Kamuzu Central ndi ku Queens. Wodwala wa ku Ntchisi kapena ku Nsanje angafikeko bwanji katatu pa sabata? Matenda amene kuno amamusautsa munthu zaka 20, kwathu amamutenga msanga, ndipo pamaliro timati walodzedwa.

Tisamati ndi matenda a mabwana. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 6 pa 100 anali ndi matenda a shuga, ndipo mmodzi mwa atatu anali ndi BP. Kafukufuku wina wa MEIRU, amene anatuluka mu 2018, anayeza anthu ku Karonga ndi ku Area 25 komweko kwa mlamu wanga, n'kupeza kuti azimayi 44 pa 100 a m'tauni anali onenepa kupyola muyezo. Ochuluka ndithu mwa amene anawapeza ndi shuga sankadziwa kuti akudwala. Ndivomereze apa kuti shuga wa m'kapu si yekha woyambitsa. Chibadwa chilipo, kukhala pansi tsiku lonse kulipo, mafuta okazingira tchipisi alipo, nsima ya ufa woyera mitanda inayi nayo imakweza shuga m'magazi, ndipo kwathu ndaonako odwala shuga oonda ngati ine ndili ku sekondale. Koma pa zonsezi, chinthu chimene tingachotse mawa m'mawa osataya kanthu kalikonse kofunika m'thupi ndi shuga wothira.

Ndisamangoloza ena chala. Amene munagwirako ya usiku m'zipatala za kuno mukudziwa kuti pa desiki ya manesi sipasowa chitini cha chokoleti chimene abale a odwala abweretsa pothokoza. Cha m'ma 3 koloko usiku, maso akulemera, dzanja limapita lokha. Kenako kabotolo ka zakumwa zopatsa mphamvu zija, kenako khofi wa masupuni awiri, kutuluka m'mawa kugula kabanzi pa basi sitopu. Kukafika October kuli Hull Fair ku Walton Street, mwana wanga akulira candy floss ndi brandy snap, ine n'kumamuthandiza kumaliza, eti kuti asadwale. Zaka ziwiri zapitazo ananditenga magazi a HbA1c, kuyeza kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira m'magazi kwa miyezi iwiri kapena itatu. Anatuluka 44. Kuyambira 42 kufika 47 ndiye kuti waima pakhomo, 48 walowa m'nyumba. Ine namwino, wophunzitsa ena, ndili ndi zaka 30 ndi kanthu. Manyazi ake ndinangokhala duu m'galimoto kwa kanthawi osailiza.

Anzanga a kuno, ichi chikukhudza ife makamaka. A NHS amati mzungu ayambe kusamala za matenda a shuga a mtundu wachiwiri akakwana zaka 40, koma munthu wakuda wochokera ku Africa kapena ku Caribbean, ndi anzathu a ku South Asia, chiopsezo chimayamba pa zaka 25. Ngakhale muyezo wa kunenepa anatitsitsira: BMI ya 23 kwa ife akuti wayamba kale kupyola, 27.5 ndiye wanenepa zenizeni. Musadikire kalata, pitani kwa GP mukapemphe kuti akuyezeni.

Chimene chinandithandiza ine ndi kutembenuza paketi. Kutsogolo kwa paketi ndi kwa otsatsa malonda, choonadi chimakhala kuseri, m'timalemba ting'onoting'ono. Kuno ku UK simudzaona mawu akuti high fructose corn syrup kawirikawiri. Amalemba kuti glucose-fructose syrup, ndipo nthawi zina amachokera ku tirigu osati chimanga. Kale anali wochepa chifukwa malamulo a European Union ankaika malire pa kuchuluka kwa amene angapangidwe, mpaka malirewo anachotsedwa mu 2017. Mumupeza mu mabisiketi, makeke, jamu, sosi ndi yogati zina za zipatso. Koma musaime pa dzina limodzili. Shuga ali ndi maina ambiri ngati munthu wothawa ngongole: glucose syrup, dextrose, maltose, invert sugar, golden syrup, molasses, fruit juice concentrate, agave, ngakhalenso uchi. Lamulo limati zimene zaikidwamo zilembedwe kuyambira chochuluka kwambiri kutsikira pansi. Ndiye mukaona shuga ali woyamba, wachiwiri kapena wachitatu, kapena maina atatu osiyana amwazikana pa mndandanda umodzi, dziwani kuti mwagwira switi.

Kenako yang'anani mzere wolembedwa kuti of which sugars, pa magalamu 100. Pa chakudya, kupyola 22.5 ndiye kuti wachuluka, ndipo pa mapaketi okhala ndi mitundu ija kutsogolo pamakhala pofiira. Magalamu 5 kapena kucheperapo ndi pobiriwira. Pa zakumwa, pofiira pamayamba mukapyola 11.25 pa 100ml. Nambala ya magalamu muigawe ndi 4 mupeze masupuni aang'ono. Mzerewu umaphatikiza ndi shuga wachibadwa wa mu mkaka ndi zipatso, choncho mkaka wamba kapena yogati yopanda kanthu musazithawe. Tsiku loyamba ndinachita masamuwa mu sitolo ina pa Hessle Road ndinabweza pa shelefu theka la zimene zinali mu trolley. Ma cereal a mwana, amene kutsogolo analemba za mavitamini, anali ofiira. Tomato sosi, supuni yaikulu imodzi, pafupifupi supuni yaing'ono ya shuga. Juwisi wa malalanje wopanda chothira chilichonse nayenso amawerengedwa ngati shuga wothira, chifukwa akafinya chipatso zotsalira zija zimatayidwa, n'chifukwa chake amati tisapyole 150ml pa tsiku. Mwana wa zaka 7 mpaka 10 malire ake ndi magalamu 24, wa zaka 4 mpaka 6 ndi 19. Wanga ankamaliza ake asanavale n'komwe yunifolomu.

Poyamba ndinathawira ku zakumwa za diet ndi zero, zothira aspartame, sucralose ndi anzake. Kwa munthu amene amamwa mabotolo atatu a shuga pa tsiku, kusinthira kumeneku n'kwabwinoko, sindingakane. Koma mu May 2023 a WHO analangiza kuti zotsekemera zopanda shugazi tisazidalire ngati njira yochepetsera thupi, chifukwa pakapita nthawi phindu lake silioneka. Mu July chaka chomwecho nthambi yawo yoona za khansa inaika aspartame m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa, umboni wake uli wochepa, ndipo komiti ina yoona za zothira m'zakudya inasiya muyezo wa patsiku momwe unalili, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, womwe munthu wamkulu sangaufike pokhapokha atamwa zitini zambirimbiri tsiku ndi tsiku. Ine sindiziopa ngati poizoni. Vuto langa nazo n'lakuti lilime limakhalabe lozolowera kutsekemera, ndiye mango amayamba kumveka ngati madzi. Ndinazisiya chifukwa cha chimenecho.

Tibwerere kumudzi, kumene kuli nkhani yeniyeni. Kwathu shuga si chakudya chabe, ndi ulemu. Mlendo akabwera timatuma mwana kukagula Fanta pa okala, ndipo kumupatsa madzi okha ndiye kuti mwamunyoza. Tikamakaona wodwala kuchipatala timanyamula Sobo ndi mabisiketi, nthawi zina wodwalayo ali pa bedi chifukwa cha shuga yemweyo. Ndinkaziona ndekha mu wodi, botolo atalibisa kuseri kwa loka. Pa ukwati, pa chinkhoswe, pa Khirisimasi, kulemera kwa banja timakuyeza ndi makireti. Thobwa la agogo linkatsekemera ndi chimera chokha, lero la mumsika amathiramo shuga wochuluka kuti ligulidwe. Phala la mwana wa miyezi 8 timathiramo shuga, pa geti ya sukulu pali mafirizesi, ndiye mwanayo akafika Sitandade 3 mano abowoka, ife n'kumati ndi nyongolotsi za m'mano. Chitani masamu a tsiku limodzi la munthu wa m'tauni: makapu awiri a tiyi, masupuni atatu atatu, ndi magalamu 24, ndipo masupuni athu si osalaza, ndi a phiri. Onjezani botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi masana, mandasi awiri. Mwadutsa kawiri malire aja popanda dontho limodzi la madzi a chimanga a ku America.

Ndipo ife a kunja tili ndi mlandu wathu. Tikamapita ku holide masutikesi amadzaza chokoleti ndi maswiti a pa sale, chifukwa ndi zotchipa ndipo ana amasangalala. Tikamatumiza ndalama, mndandanda woyamba ndi shuga, mafuta, sopo, Sobo. Ine ndatumiza ndalama za bale la shuga kwa mayi kangapo konse, ndikunyada kuti mwana wawo ali ku UK. Lero ndikutumiza za mankhwala.

Pali kanthu kena kamene kamasokoneza anthu akuluakulu. Kuyambira 2012 shuga wa m'mapaketi kwathu amathiramo vitamini A. Cholinga chinali chabwino: ana ambiri ankasowa vitaminiyu, ndipo shuga ndi chinthu chimene chimalowa pafupifupi nyumba iliyonse. Zambia anayamba kale zimenezi mu 1998. Koma uthengawo ukafika kwa agogo umasanduka wakuti shuga ndi mankhwala, thirani wambiri mwana aone bwino. Ayi ndithu. Vitamini A ali m'mapapaya, m'mango, m'maungu, mu bonongwe ndi chisoso, ndi mu mbatata yofiira mkati ija, Zondeni kapena Kadyaubwerere. Mu shuga anangokwera matola.

Komanso kwa amene amati shuga wa kwathu ndi wathu, wa azungu ndi wa azungu: gawo lalikulu la Illovo ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa lili m'manja mwa Associated British Foods ya ku London, imene inagula gawo lalikulu la Illovo mu 2006 n'kumalizitsa kugula kampani yaikuluyo mu 2016. Kampani yomweyo ndi mwini wa British Sugar, opanga Silver Spoon amene ndimamuona mu sitolo kuno. Sindikunena izi ponyoza. Minda imeneyo imalemba ntchito anthu zikwizikwi ku Chikwawa ndi ku Nkhotakota, ndipo shuga amabweretsa ndalama zakunja zimene tikuzisowa. Ndikungoti tisamaike mbendera pa paketi ya shuga. Ntchito ya kampani ndi kugulitsa, ntchito yoteteza impso za anthu ndi ya boma.

Ndale zija ndi izi tsopano. Mu March 2016 nduna ya zachuma ya kuno panthawiyo, George Osborne, inalengeza msonkho wa zakumwa za shuga, ndipo unayamba mu April 2018. Nzeru yake inali pa kakonzedwe. Sanakhomere wogula mwachindunji, anakhomera opanga, ndipo anaika masitepe: chakumwa cha magalamu ochepera 5 pa 100ml sichinkalipira kanthu, kuyambira 5 mapeni 18 pa lita, kuyambira 8 mapeni 24. Anawapatsanso zaka ziwiri zokonzekera. Chinachitika n'chiyani? Makampani ambiri anathamangira kuchepetsa shuga kuti athawe msonkho. Lucozade, Ribena, Irn-Bru, onse anatsitsa, ngakhale ambiri anatseka mpatawo ndi zotsekemera zija ndanena. Coca-Cola wofiira uja sanasinthe, anangokwera mtengo. Lipoti la boma linaonetsa kuti pakati pa 2015 ndi 2020 shuga wa m'zakumwa zokhudzidwa ndi msonkhowu anatsika ndi 46 pa 100. Ofufuza a ku Cambridge mu 2023 anapeza kuti kunenepa kwambiri pakati pa atsikana a zaka 10 ndi 11 kunatsika ndi 8 pa 100 poyerekeza ndi mmene kukanakhalira, ngakhale kwa anyamata sanaone kusintha, komanso kuti ana ogonekedwa m'chipatala kuti awazule mano owola anachepa ndi 12 pa 100. Si chozizwitsa, anthu onenepa ku Hull adakalipo ambiri, koma ndi chinthu chimene chinagwira ntchito popanda kulalikira munthu aliyense. Mexico anayamba msonkho wake mu 2014. South Africa, kumene kumachokera zakudya zambiri za m'masitolo athu, anayamba wawo mu April 2018 momwemo, magalamu 4 oyamba pa 100ml osalipira, otsatirawo kulipira.

Ndikudziwa zimene ena mulembe pansipa. Muti uyu wakhuta mapaundi, anthu kumudzi akugona ndi njala iye akukamba za masupuni. Muti mu 2024 anthu ankaima pa mzere kufuna paketi imodzi ya shuga, Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndiye akufuna msonkho winanso? Funso lake ndi lomveka, ndipo yankho langa ndi ili. Sindikupempha msonkho pa paketi ya shuga ya mayi wa kumudzi amene amagula wa pa kapepala kothira m'phala. Ameneyo musiyeni. Ndikunena za zakumwa za m'mabotolo ndi m'zitini, zopangidwa kwathu ndi zolowa pa Mwanza, pa Dedza ndi pa Mchinji, kuti msonkho wake uzitengera kuchuluka kwa shuga, kuti wopanga aone phindu lochepetsa. Ndikunena kuti a Malawi Bureau of Standards alamule kuti kutsogolo kwa botolo kuzilembedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kuti muli masupuni angati, osati magalamu a timalemba tosaoneka. Ndikunena kuti ndalama yotoleredwayo ilembedwe poyera kuti yagula metformin, insulin ndi timapepala toyezera shuga m'ma health centre, osati ikathere ku ma allowance a ma workshop ku Mangochi. Njala ndi shuga si adani osiyana. Mwana amene anakula mopinimbira ndi njala, akadzalowa m'tauni n'kuyamba kudya za m'paketi, thupi lake limagwidwa msanga ndi matendawa. Dziko lathu likusenza mitolo iwiri nthawi imodzi, ndipo wachiwiriwu sitinauwerengere mu bajeti. Amene muli ndi manambala a aphungu, ndipo pabwalo pano alipo amene amadya nawo limodzi, afunseni kuti maganizo awo ndi otani pa zimenezi.

Kuno ku Hull, pa High Street m'tauni yakale, pali nyumba imene anabadwiramo William Wilberforce mu 1759, lero ndi myuziyamu. Ndinapitako ndi mwana wanga tsiku lina la mvula. Mu 1791, Nyumba ya Malamulo itakana bilu yake yothetsa malonda a akapolo, anthu wamba a dziko lino, pafupifupi 300,000, ambiri mwa iwo azimayi a m'makhitchini, anasiya kugula shuga wolimidwa ndi akapolo ku West Indies. Ena anasiyiratu, ena anasinthira ku shuga wa ku India. Pa nkhani ya chikumbumtima, kusintha kochokera kunali ndi tanthauzo lalikulu. Pa nkhani ya mano ndi chiwindi, wa ku India ndi wa ku Jamaica anali yemweyo. Chimene ndinatolapo ine n'chakuti anthu amene ankakonda tiyi wotsekemera kuposa ife anatha kuchotsa shuga patebulo chifukwa cha anthu akuda amene sanawaonepo. Ine zinanditengera pepala la ku labu kuti ndichite chimodzimodzi chifukwa cha thupi langa lomwe.

Sindinasiye tsiku limodzi. Ndinkachotsa theka la supuni sabata ziwiri zilizonse, mpaka tiyi anatsala ndi mkaka wokha. Ku ntchito ndimanyamula mtedza wokazinga, nthochi ndi botolo la madzi, ndipo chitini cha chokoleti ndinapempha anzanga kuti chizikhala m'kabati osati pa desiki. M'mawa mwana amadya phala la oats kapena la mgaiwa wa ku sitolo za pa Spring Bank, lothira chiponde ndi nthochi. Ku Hull Fair timapitabe, candy floss mmodzi pa chaka sanaphe munthu. Magazi a chaka chino anatuluka 39.

Mayi ndiye nkhondo. Akuti tiyi wa supuni imodzi akumveka ngati madzi otsukira mbale, ndipo akuti ine ndaphunzira nkhanza kwa azungu. Koma atsika kuchoka pa atatu kufika pa imodzi, Fanta amamwa pa ukwati pokha, ndipo thobwa akufulula okha ndi chimera cha mawere ngati kale. December uno sutikesi yanga mukhala timapepala toyezera shuga, mabatire a kamakina kawo ndi nsapato zofewa zosathina zala. Adzukulu adandaula, ndikudziwa.

Mlamu uja nditamufotokozera zonsezi anandifunsa ngati shuga wa bulawuni ali bwinoko, popeza sanayeretsedwe. Ndinamuuza kuti ndi yemweyo, wangovala malaya ena. Ndinamupempha kuti mawa lake awerenge masupuni onse olowa m'kapu mwake ndi mwa ana, kuyambira m'mawa mpaka pogona, anditumizire nambala. Uthenga wanga anauwerenga, timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu. Nambala ija ndikuidikirabe.